Chingwe cha Hagga Ensaf

Kwa zaka khumi ndi zinayi, Hagga Ensaf, mayi wokalamba wokhala yekha, ankagula zonse ali pakhonde pawo, pansanjika yachisanu ya nyumba yopanda chikepe chokweza anthu mumzinda wa Alexandria. M'mawa uliwonse ankatsitsa dengu la chingwe, Amm Ragab wa golosale n'kuikamo buledi, nyemba zophika ndi mankhwala a shuga, iwo n'kukoka. Maondo awo anali atakana masitepe kalekale.

Kenaka anthu a m'nyumbamo anasankha Ustaz Medhat kukhala wapampando wawo, bambo wonunkhira perefyumu koma wouma mtima. Medhat anapentetsa khoma loyang'ana kumsewu n'kumata chikalata pakhomo choletsa madengu onse, ati akuipitsa nyumba.

"Mwana wanga, ndiye ndizidya chiyani? Pentiyo?" anafunsa Hagga.

"Hagga, kuno si kumudzi. Madengu kumangolendewera ngati zovala zamkati, alendo aziti chiyani? Gulani foni yamakono, anzanu akuitanitsa zinthu pafoni."

"Ndi maso anga awa? Ndidzangoitanitsa nsanda m'malo mwa buledi."

Medhat anaseka, n'kudula chingwecho ndi sizasi. Chonyansa kwambiri n'chakuti oyandikana nawo onse, anthu oti ana awo analeredwa pamiyendo ya mayiwa, anangoyang'ana kumbali ngati sakuona.

Hagga sanali munthu wopemphapempha. Tsiku loyamba anatsika okha, akupumira pansanjika iliyonse, ndipo ulendowo unawatengera ola lathunthu. Sanabwerezenso. Anayamba kudula mapiritsi pakati kuti akhalitse, chakudya chawo n'kukhala tiyi ndi buledi wouma.

Patapita sabata, namwino wa pachipatala chapafupi, Madam Tahani, anadabwa kuti Hagga sanatumize uthenga wa mankhwala. Anakwera, anagogoda, kuli zii. Atathyola chitseko anawapeza ali gone m'bafa, chiuno chitathyoka, milomo itang'ambika ndi ludzu. Anali atakhala pansipo masiku awiri, pamwamba pa mabanja asanu ndi atatu odya katatu patsiku.

Ambulansi itachoka, Tahani anasonkhanitsa anthu pamasitepe pomwepo.

"Mumayesa dengu lija linali la buledi wokha? Amm Ragab, auzeni."

Wa golosaleyo anawerama. "Likapanda kutsika ikamakwana naini koloko, ndinkadziwa kuti sizili bwino, n'kuimbira Madam. Koma mutaletsa, ndikanadziwa bwanji? Tsiku lililonse silinkatsika."

"Lamulo ndi lamulo, Madam. Nanga ndinawagwetsa ndine?" anatero Medhat.

"Ustaz, nyumba ino ili ndi okalamba ena atatu. Chikepe mulibe, pogwira m'masitepemu palibe, babu linapsa chaka chatha. Musanachotse chinthu chimene nkhalamba ikudalira, muziyamba mwaifunsa kuti chimaigwirira ntchito yanji. Nanunso mukupita komweko," anatero Tahani.

Madzulo omwewo chikalata chinang'ambidwa. Madengu atatu anabwerera, ndipo anthu anagwirizana zoika zogwirira ndi kugogoda kwa okalambawo m'mawa uliwonse, mosinthana.

Hagga Ensaf sanaone zimenezi. Anamwalira m'chipatala sabata yachitatu. Mutenti ya maliro, Ustaz Medhat anaima pakhomo atavala suti yakuda, akugwira anthu chanza ndi kulandira chipepeso ngati mwana wa malemu.

Phunziro: Tisanasinthe chilichonse m'nyumba kapena m'dera lathu, tifunse kaye okalamba. Chimene ife tikuti n'chonyansa m'maso, kwa wina ndiye moyo wake.