Chigafa Chomera Mizu

Chigafa cha a Elifala chinagwa fodya ali m'mawondo. Chiswe chinali chitadya mphanda zonse kunsi, mphepo inangomalizitsa.

Mayi Faines anapeza amuna awo akunola nkhwangwa kuseri kwa nyumba. Kale mphanda ankadula kutsidya kwa dambo. Lero mapiri a kuno ku Malomo anayera, munthu amayenda mpaka miyendo kuwawa asanaone mtengo wowongoka. Chaka chatha a Elifala anaterereka paphiri mphanda ili paphewa, ndipo anagona nthawi yaitali akubuula ndi msana.

"Bambo a Lonjezo, kodi mwagula msana wina?"

"Nanga fodya timuyanika pamutu panu, aNaphiri?"

"Dikirani kaye. Mawa kusukulu kuli msonkhano wa zankhalango."

"Uko ayi. Akufuna adziwe odula mitengo kuti awamange. Mukapita, mukatseke pakamwa."

A Faines anapita. Wochititsa msonkhano anali Eveline, mlangizi wa zankhalango, mtsikana wamsinkhu wa mwana wawo. Sanachulutse mawu.

"Mtengo ukamakula umamwa mpweya umene umatenthetsa dziko, n'kuusunga m'thunthu mwake," anatero. "Ukadulidwa n'kupsa kapena kuwola, mpweya uja umabwerera kumwamba. Kutentha kukachuluka, mvula imasokonekera. N'chifukwa chake boma likukonza ndondomeko ya dziko lonse yochepetsera kutha kwa nkhalango. Ndatumidwa kudzamva kwa inu eni ake: kuno mitengo imathera chiyani?"

A Malizani, oyandikana nyumba ndi a Elifala, anatsokomola.

"Kuno sitidula, mayi. Imangogwa yokha."

Abambo onse anagwedeza mitu kuvomereza.

"Chabwino," anatero Eveline. "Ndikanena kuti kuno vuto kulibe, mbande za mitengo zipite kwa amene akuzifuna."

A Faines anaganiza za mwamuna wawo akukweranso phiri lija, msana uli chomwecho. Anaimirira. Mayi wina anawakoka chitenje, iwo n'kuchotsa dzanjalo.

"Mwanangu, mitengo kuno imathera zigafa. Chiswe chimadya mphanda, anthu amadula zina. Amuna anga akalamba nazo mphanda paphewa. Olembawo asangoti musadule. Anene kuti fodya timuyanika pati."

"Amayi, zikomo," anatero Eveline. "Ine sindinabwere kudzamanga munthu. Kwina andiuza za makala, kwina za uvuni wa njerwa. Thandizo la woocha makala silingathandize mlimi wa fodya. Mukabisa, olembawo akalemba zongoganizira."

Anawafotokozera za chigafa chamoyo. Mumabzala keshya kapena mtangatanga m'mizere, pamalo pomwe pakanaima mphanda. Mitengo ikakula mumaisadza kumwamba, n'kumangirira denga ndi mikangala yoyanikapo fodya pa mitengo yamoyoyo. Siwola ngati mphanda zodula, ndipo nthambi zosadza zimakhala nkhuni.

"Koma pamafunika zaka ziwiri kapena zitatu," anamaliza.

"Nanga fodya wa chaka chino?" a Faines anafunsa.

A Malizani anadzikanda m'mutu. "Chigafa changa n'chachikulu, mbali ina imangokhala. Achimwene a Elifala aziyanika mmenemo mpaka yawo ikule."

"Chigafa cha mitengo yogwa yokha chija?" anafunsa a Faines. Anthu anafa nacho chiseko, ndipo ena anayamba kulankhula, uyu za nkhuni, uyu za kufutukula munda.

Atafika kunyumba anapeza a Elifala ali pakhonde, maso kunjira.

"Sanakumangeni?"

"Andimanga. Uyu ndi mzukwa wanga." Anakhala pafupi nawo n'kuwafotokozera zonse. A Elifala anayankhula motsitsa.

"Phiri lija ndimaliopa, aNaphiri. Ndimangosowa ponenera."

"Ndimadziwa, bambo."

Eveline anabweretsa mbande mvula isanathe. A Elifala ankayeza mizere ndi chingwe, a Faines akukumba maenje, uku akukangana kuti mzere wokhota ndi wa yani. Mbuzi zinadya mitengo ingapo, iwo anabzala ina n'kutchingira ndi minga. Nthawi yonseyo fodya wawo ankauma kwa a Malizani.

Mlangizi uja atabweranso anawauza kuti nkhani ya zigafa anaitumiza kwa okonza ndondomeko, ndipo alimi a ku Madisi ananenanso zomwezo.

Lero chigafa cha a Elifala chili ndi masamba kumwamba, fodya kunsi. Mabanja ena atengerapo. Mkuluyo phiri amangolionera patali, ndipo phirilo layamba kuphukira.

Ndondomeko yoteteza nkhalango amalembera ku maofesi, koma imayenda ngati eni mudzi anena zoona. Alangizi akaitanitsa msonkhano, pitani. Nenani chimene mumadulira mitengo, funsani chimene chingalowe m'malo mwake, ndipo mbande zikabwera bzalani.