Wobadwira Pamlatho

"Usandiyang'ane ine," anatero Emlyn akupukuta makapu a tiyi amene anamwera anthu a pamaliro. "Ine ndinabadwira kuchipatala. Wobadwira m'khitchini muno ndiwe."

Tegwen anamufulatira mchimwene wakeyo. Maso ake anali pa chikho cha nyanga chimene chinali pathebulo, pomwe bambo awo, a Idwal, anachisiya tsiku lomwe anagwa n'kumwalira.

Kumunsi kwa famu yawo kunali chitsime chimene amati Dewi Woyera, mlaliki wakalekale wa dziko lawolo, anamwapo akupita kutauni ya Tyddewi. Odwala maso ankabwera ndi mabotolo, ena kuchokera kutali. Koma mwambo wake unali wouma: madziwo amachiza pokhapokha atatungidwa ndi chikhocho, m'manja mwa munthu wobadwira m'nyumba imeneyi. A Idwal anatunga moyo wawo wonse. Tsopano wobadwiramo anatsala mmodzi, ndipo mmodziyo, Tegwen, anali ndi ntchito ya unamwino kumzinda wa Caerdydd, kanyumba kake, ndi tikiti ya sitima ya Lolemba.

"Amayi, nenani kanthu," anatero Tegwen.

"Ndinene chiyani, mwanangu?" anayankha amayi ake, a Nesta. "Ndinakuberekera apa, pafupi ndi chitofu, mkuntho ukusasula denga la khola, ngati mmene anabadwira Dewi mwini wake. Sindinasankhe ine. Komanso nyumbayi yandikulira."

Mawu omalizawo ndi amene anamupweteka Tegwen. Emlyn, amene ankakhala kutali ndi mkazi ndi ana, anali ndi chilungamo chambiri pakamwa, monga amachitira munthu amene galimoto lake lili pakhomo. Tegwen anaona moyo wake wonse uli m'khitchinimo: nkhosa, mvula, ndi kudikira kugogoda kwa alendo. Anachita mantha, ndipo anachita manyazi ndi manthawo.

Kugogodako kunamvekadi. Anali a Prytherch a famu yoyandikana nayo, nkhalamba yokhotakhota, chipewa m'manja, botolo likusuzumira m'thumba la jekete.

"Pepani, a Nesta. Botololi ndatenga mwachizolowezi chabe," anatero. "Akazi anga maso aja ayambanso, koma ndikudziwa kuti chitsime chapita ndi Idwal."

"Chapita bwanji? Tegwen si uyu?" anafunsa Emlyn.

"Uyu? Wobadwira pamlatho uyu?" Nkhalambayo inaseka pang'ono. "Tonse tinkayesa anabadwira muno, mpaka bambo ako atayamba kudwala chaka chatha. Anatiuza pabwalo la tchalitchi, anthu ali tho! Akuti ankathamangira nanu kuchipatala, a Nesta, mwana n'kutulukira m'galimoto pamlatho, kunja kwa malire a famu. Akuti anabisa chifukwa cha manyazi. Anapempha kuti asadzapezeke wovutitsa mtsikanayu."

Tegwen anayang'ana amayi ake, ndipo anazindikira kuti nawonso akuimva koyamba nkhaniyo. A Nesta anayang'ana pansi, pamiyala ya pafupi ndi chitofu, nthawi yaitali.

"Koma Amayi, si mwangonena kumene kuti..." anayamba Emlyn.

"Pukuta makapu, iwe," anamudula a Nesta. Kenako anatembenukira kwa mlendoyo. "Ndi zoona, a Prytherch. Panali pamlatho."

Nkhalambayo inagwedeza mutu, inavala chipewa, n'kutuluka. Tegwen anaima pawindo akuiona ikutsika pang'onopang'ono mumvula, botolo lopanda kanthu likugunda m'thumba. Chitseko chobwerera ku Caerdydd chinali chitamutsegukira. Akanatha kuithamangira nkhalambayo n'kuiuza zoona. Sanasunthe.

"Bambo sananamepo," anatero Tegwen motsitsa mawu.

"Anasunga bodza lawo limodzi mpaka litapeza ntchito," anayankha a Nesta. "Ali mnyamata ankafuna kugwira ntchito m'sitima za panyanja. Sanagonepo kunja kwa nyumba ino, kuopa kuti wina angagogode iwo kulibe. Ngakhale pa ukwati wathu, tinabwerera kuno tsiku lomwelo."

A Nesta anatenga chikho chija pathebulo n'kupita kuseri kwa chitseko, kumene jekete la a Idwal linali likadali pamsomali. Pofuna kuchilowetsa m'thumba, dzanja lawo linakhudza kanthu. Anatulutsa maswiti a timbewu tonunkhira, amene a Idwal ankamupatsa Tegwen nthawi zonse akamamuperekeza kusiteshoni, iwo n'kutsala papulatifomu mpaka sitima itazimiririka.

A Nesta anaika maswitiwo m'dzanja la mwana wawo, n'kulifumbatitsa.