Tsekwe Woviikidwa mu Tiyi

Kanema aliyense wa kampani ya Penlow asanayambe, pamabwera tsekwe ataima pa chipata, n'kutambasula mapiko, n'kulira kuti dziko limve. Anthu amati ndi tsekwe wagolide. Golide wa chiyani? Ndi tiyi ameneyo, ndipo anawiritsa ndine.

Ine ndine Doreen Tranter. Sukulu ndinalekera panjira, koma ndinakankha kangolo ka tiyi pa situdiyo ya Penlow kuyambira ndili mtsikana mpaka maondo atakana. Ndiye za tsekweyu musandiuze.

Penlow wamkulu anamanga situdiyo pa famu ya atsekwe, poti malowo anali otchipa chifukwa cha fungo. Chizindikiro choyamba cha kampaniyo chinali tsekwe wojambula pa thabwa, nthawi imene kanema anali wosalankhula. Mawu atabwera anaika tsekwe wamoyo, woyera mbee, koma wamanyazi, moti ankalira m'malo mwake ndi kalipentala wina atatsina mphuno kuseri kwa nsalu. Tsekwe ameneyo anafa pa nkhondo. Osati ndi bomba ayi. Nyama inkasowa, Khirisimasi n'kufika, ndiye mwamva kale.

Kanema wa mitundu atafika, Penlow wamng'ono, mwana wa malemu uja, anafuna kujambulanso chizindikirocho. Famu inali itatha kalekale. Atsekwe otsala m'dera lonse anali anga, kuseri kwa nyumba, ndipo mfumukazi yawo anali Dona, woyera, wonenepa, wamwano.

Inenso ndinali ndi vuto langa. Mwana wanga Rhoda ankafunitsitsa ntchito m'chipinda chodulira filimu, momwe amavala magolovesi oyera n'kumadula ndi kulumikiza zithunzi. Koma m'menemo munkalowa abale a mabwana okha. Bambo ake anali atagamula kale kuti Loweruka akwere sitima, apite ku Birmingham kwa azakhali ake, akagwire ntchito ku fakitale ya mabawuti. Sutikesi inali pakhomo. Mwana ankadya ngati mbalame yodwala.

Ndiye Penlow anandiimitsa pa khonde ndi kangolo kanga.

"Mayi Tranter, ndamva muli ndi tsekwe. Tchulani mtengo."

"Ndalama sungani, bwana, mugulire mafuta a ndevu zanu. Ndikufuna malo a Rhoda kodulira filimu."

"Mayi, ine ndikubwereka mbalame, sindikulemba anthu ntchito."

"Chabwino. Itaninso kalipentala uja, mumumate nthenga."

"Koma akhale woyera ngati wa bambo anga, ndipo alire yekha."

"Dona amalira ngakhale osamupempha. Shuga zingati?"

Tinagwirana chanza. Ndinathamanga ndi kangolo mpaka makapu kuvina.

Tsono mumve bwino apa. Pa situdiyo panali lamulo lodziwika ndi aliyense: choyera sichipita pa kamera chisanaviikidwe mu tiyi. Magetsi aja ndi aukali, choyera chimanyezimira n'kuononga chithunzi. Malaya, mapilo, diresi la mkwatibwi, zonse atelala ankabwera nazo kwa ine kudzapempha tiyi wotsala. Pa kanema wakale wopanda mitundu uja, zoviikazo zinkaoneka zoyera bwinobwino. Tinakula nazo zimenezo.

Choncho madzulo ndinatsitsa bafa lamalata la amuna anga, ndinasambitsa Dona ndi sopo wotsukira mbale kuti mafuta achoke mu nthenga, n'kuthira tiyi wokhathamira, wotentha pang'ono. Amuna anga a Wilf, omwe ankayendetsa lole ya situdiyo, analowa n'kupeza khitchini yonse ili nthenga.

"Mayi a Rhoda, mwayamba kuphika bakha ali moyo?"

"Si bakha. Gwirani khosi, musangoima ngati chipilala."

"Akandijompha?"

"Akujompheni, mwina mungadzuke."

Anawajomphadi pa khutu. Rhoda anaseka mpaka kukhala pansi, kuseka koyamba sabata imeneyo. Dona anatuluka m'bafa ali ngati buledi wa m'mbali mwa uvuni. Ndinamuyang'ana n'kumuviikanso kachiwiri kuti zigwire.

M'mawa mwake Penlow anali ku London. Wojambula anali a Oddie, nkhalamba yogwira kamera kuyambira nthawi ya thabwa lija. Kamera ya mitunduyo inali yobwereka, chimphona chachikulu ngati wadiropu, yoti ibwerere kwa eni ake madzulo omwewo. A Oddie anayang'ana Dona, n'kugwedeza mutu.

"Mwaviika kale? Ndinu munthu, Doreen. Ana a masiku ano mpaka uwauze."

Mwamva? Anthu odzaza situdiyo, palibe ndi mmodzi yemwe anatsegula pakamwa. Maso athu anali atazolowera: chofiirira ndiye choyera.

Koma Dona anakana chipata. Anathamangitsa wa maikolofoni mpaka kukwera makwerero. Anadya duwa la pa chipewa cha mlembi. Anasiya mphatso pa nsapato ya a Oddie. Amuna akuluakulu ankabisalirana kumbuyo, ine ndikufuula, "Mutsekereni uko! Ndi mbalame, si mkango!" Kenako Rhoda anaimba mluzu, atakweza kachidutswa ka buledi m'mwamba. Dona anatembenuka, anayenda monyang'wa ngati mkazi wa meya, n'kudumphira pa chipata, phaa! Mapiko tambasu! Khosi m'mwamba! Kulira kwake mpaka malata ananjenjemera. A Oddie anatsala pang'ono kupsompsona kamera.

Lachisanu tinadzazana m'kachipinda koonetsera, Penlow kutsogolo ndi ndudu yake. Magetsi anazima. Pa nsalu panabwera thambo labuluu, udzu wobiriwira, chipata choyera pang'ono, ndiye pamwamba pake Dona, wofiirira ngati wangotuluka mu uvuni, akungosowa mbatata m'mbali.

Kenako Penlow anakuwa, "Ndani wawotcha tsekwe wanga?"

Chipinda chinaphulika. A Wilf anagwa pa mpando. Mlembi ankalira misozi akumenya khoma. A Oddie anagwira kumutu. "Kalanga ine, mitundu! Kamerayi imaona tiyi!" Wina kumbuyo anafuula, "Bwerezani!" Woonetsa anabwereza. Dona analiranso, anthu n'kuyankha molira ngati atsekwe. "Bwerezaninso!"

Penlow anayatsa magetsi, nkhope ili psuu.

"Mayi Tranter, ndinati woyera. Pangano latha. Kamusambitseni."

"Tiyi wanga sachoka, bwana. Funsani mano anu. Mudikire nthenga zithothoke zokha chaka chamawa."

"Ndipeza tsekwe wina!"

"Ndi kamera iti? Ija inabwerera kwawo."

Ndinaona Rhoda akutsetserekera ku chitseko, maso ali pansi. Sitima inali mawa. Ndinaima pakati pa mipando, manja m'chiuno.

"Bwana, tsekwe woyera wa bambo anu wakhala pa nsalu kuyambira ndili namwali. Ndani anapemphapo kuti abwerezedwe? Anthu ankasenda malalanje podikira kuti achoke. Uyu mwamuonetsa kangati lero?"

"Akumuseka, mayi!"

"Nanga makanema anu si oseketsa? Koyamba anthu aseka filimu isanayambe, inu mukudandaula?"

"Chizindikiro cha kampani chimafunika ulemu."

"Ulemu unadyedwa pa Khirisimasi ya nkhondo, ndipo inu munatenga ntchafu. Ndinakuonani."

Anthu anafa nazonso. Penlow anatsokomola utsi. Ndinadziwa kuti ndamugwira pakhosi, ndiye ndinafinya. Iye anali atalengeza kale kwa atolankhani kuti tsekwe weniweni adzayenda pa kapeti wofiira ku London tsiku lotsegulira kanema watsopano.

"Dona amamvera Rhoda yekha," ndinatero. "Funsani wa maikolofoni. Rhoda akakwera sitima mawa, Dona alowa mu uvuni Lamulungu, mtundu wake wakonzeka kale. Pa kapeti mudzayenda nokha mukukupiza manja. Ndipo kuyambira Lolemba situdiyo yonse izimwa madzi a pa mpopi."

Apa kuseka kunatha. Amuna anadzuma ngati pa maliro. Mkulu wa amagetsi anaimirira. "Bwana, za tsekwe ife sitilowerera. Koma popanda tiyi magetsi sayaka."

Penlow anayang'ana kudenga, anayang'ana ine, n'kuuza woonetsa, "Tabwerezani kamodzi." Magetsi anazima. Dona anatambasula mapiko, ndipo ndinaona mapewa a bwana akugwedezeka. Anayesa kubisa ndi mpango, koma kuseka kunatulukira m'mphuno.

"Wagolide," anatero akupukuta m'maso. "Tikauza atolankhani kuti ndi wagolide, ndipo tinachita dala. Aliyense wotchula tiyi ndimuchotsa ntchito."

"Nanga Rhoda?"

"Lolemba, m'mawa. Moyesera kaye."

"Moyesera n'chiyani? Dona munamuyesera?"

"Mayi inu! Chabwino, walembedwa. Tulukani ndisanakupatseni situdiyo yonse."

Rhoda anandidumphira pakhosi mpaka tonse kugwera pa kangolo. Makapu anasweka, ndipo palibe anafunsa. A Wilf anatinyamula pa lole, Dona atakhala kutsogolo ngati mkwatibwi, ife kumbuyo tikuimba msewu wonse. Titafika ndinakankha sutikesi ija ndi phazi mpaka pansi pa bedi.

Ntchito yoyamba ya Rhoda inali kulumikiza Dona kumayambiriro kwa filimu iliyonse yotuluka pa situdiyo. Anakalambira m'chipinda chomwecho, mpaka kukhala mkulu wake. Kampani inagulitsidwa, eni atsopano anasintha zilembo, anachotsa chipata, kenako anajambula tsekwe ndi makina. Koma mtundu sanayerekeze kuukhudza.

Lolemba loyambalo Rhoda anabwera kunyumba ndi magolovesi ake oyera, n'kuwayanika pafupi ndi ketulo. Atandiona ndikuwayang'ana, anawatsomphola msangamsanga.

"Amayi, chonde! Awa okha musaviike."