Dazi la a Maganizo

Kuthamangitsidwa ndi mkazi wako pakhonde la nyumba imene njerwa zake unaumba wekha, si zamasewera ayi. Koma ndizo zinawagwera a Maganizo, mlimi wa mpunga wa kufupi ndi mathiriro a mtsinje wa Bua, atakhala m'banja ndi a Fainess zaka makumi anayi.

Chakudza sichiimba ng'oma. A Fainess anagwa tsiku lina akupeta mpunga, mkono ndi mwendo wakumanzere n'kufa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako amoyo, inde, koma maso amene anali kale ndi ng'ala anangotsala a chifunga, ndipo nzeru zawo zinabwerera m'mbuyo zaka zambirimbiri n'kukakhazikika komweko. Tsopano munthu ankamudziwa pomupapasa. Mwana wawo Nester, amene anasiya ntchito yosoka ku Salima kudzawadwazika, ankamupapasa nkhope n'kumuyesa mng'ono wawo wa ku Karonga. Apo panalibe mlandu, mng'ono ndi m'bale ndithu. Tsoka linagwera mwamuna.

Ankati akayandikira ndi mbale ya phala, a Fainess ankatambasula dzanja lamoyolo, kulifikitsa pamutu, n'kupeza dazi losalala ngati chikho. Pomwepo ankalibweza ngati agwira mbaula.

"Abambo inu, mukufunanji pakhomo pa eni? Chokani! Akakupezani bambo a Lughano muona zakuda."

"Ndine ndemwe, mayi."

"Bodza! Amuna anga ali ndi tsitsi."

Lughano anali mwana wawo woyamba, amene malungo anamutenga ali ndi miyezi inayi yokha. Dzina limenelo linali litasiya kutchulidwa pakhomopo kalekale. Ndipo bambo a Lughano amene a Fainess ankawadikirawo anali mnyamata wodula mizimbe ku Dwangwa, wa tsitsi lothinana loti chipeso chinkasiyamo mano. Lamulungu lililonse, asanapite kutchalitchi, mkaziyo ankamukhazika pansi n'kumamupesa uku akumulalatira kuti amasunga fumbi la munda wonse m'mutu. Ankaseka n'kumati, "Ine ndinakwatiwa ndi tsitsili, inuyo munangobwera nalo." Ha! Nthabwala zina zimadikira munthu kutsogolo.

Chimene sanayese a Maganizo n'chiyani? Anawafotokozera za tsiku la ukwati, za ng'ona imene inawalanda mbuzi, za dzina la agogo awo. A Fainess ankangoti, "Mwazimva kuti zimenezi, kazitape inu?" Nester anagula wigi pamsika n'kuwaveka bambo ake. Mayi ake ataigwira anaikoka pang'ono monga ankachitira popesa, ndipo mutu wonse wa tsitsi unatsalira m'manja mwawo. Kukuwa kwake! Anthu anathamanga kuchokera kudimba kuyesa kwagwa maliro. Kuchokera tsiku limenelo a Maganizo anasamutsira mphasa yawo kukhitchini, chifukwa wodwalayo ankakana kudya akamva kuti mlendo wadazi uja ali m'nyumba.

Sankafuna zambiri bamboyu. Sankapempha kuti mkazi wawo ayendenso kapena aonenso. Ankangofuna kuti asanatsikire kulichete, awagwire kamodzi n'kunena kuti, "Ndinu." Basi.

Nester ndiye anamva za a Habibu, dokotala wa kachipatala kena kolipira ka ku Dwangwa, amene anali atabwera ndi njira yatsopano yochokera ku Lilongwe. Akuti mabwana ankapitako kukasalalitsa makwinya ndi kudzutsa tsitsi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Maganizo anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kukwera minibasi.

A Habibu anali munthu wosabisa mawu. Anawaweramitsa mutu pansi pa nyale, n'kuuyang'ana nthawi yaitali ngati mlimi amene akuyesa munda woguga.

"Bambo, mankhwala ake ndi magazi anu omwe. Tiwatenga pamkono, tiwazungulitsa m'makina awa mpaka apatukane. Pamwamba pamakhala tamadzi tachikasu. Timeneto timabaya pamutu kuti tidzutse mizu ya tsitsi imene yangogona. Koma ndikuuzeni zoona. Mizu yogona imadzuka, yakufa siidzuka. Dazi lanuli ndi lakale kwambiri. Mwachedwa ndi zaka makumi awiri."

"Palibiretu ngakhale umodzi wogona?"

"Mwina ilipo pang'ono. Koma tsitsi la unyamata iwalani."

A Maganizo anangopinda mkono wa malaya. Anaona magazi awo akudzaza timabotolo tinayi, akuda bii, n'kudabwa kuti nkhalamba ngati iwo ikadali nawo ochuluka choncho. Makina analira ngati njinga yamoto ili patali. Kenaka kunabwera kasingano, kubaya apa, kubaya apo, kuyambira pachipumi mpaka pankhongo, ngati munthu akuwokera mpunga. Misozi inatsika yokha, koma sanati mayo.

Mwezi ndi mwezi ankapita. Ndiye muwadziwa anthu a m'mudzi, pakamwa sipalipira msonkho. Ena ankati a Maganizo akugulitsa magazi kwa anamapopa. Ena ankawafuulira ali m'munda kuti, "Bwalo la ndege lija mwalitseka kodi?" Koma zimene zinawalasa mtima ndi za amayi a pachitsime, amene ankati nkhalambayo ikudzikonza kuti ikwatire kamtsikana, mkazi ali chigonere. Anthu opanda manyazi! Ndani wa iwo anafunsapo chifukwa chimene munthu wamkulu ankagonera pakati pa mapoto?

Mwezi woyamba, ziii. Wachiwiri, zipsera za singano zokhazokha. Wachitatu a Maganizo anasiya kudziyang'ana pagalasi. Koma m'mawa wina wa mwezi wachinayi, akusukusula kuseri kwa nyumba dzuwa litawawomba pamutu, Nester anaponya tsache pansi.

"Ababa, taimani pomwepo!"

Panali kanthu. Si tsitsi loti munthu n'kupesa ayi, koma tiubweya tofewa, tosaoneka bwino pokhapokha utapendeka mutu. A Maganizo anatisisita ndi chikhatho. Anadikira milungu ina itatu kuti tichuluke, akuyenda mosamala ngati asenza mazira.

Tsiku lake linali Lamulungu. A Fainess anali pamkeka pakhonde, atatsamira khoma, akuothera dzuwa. A Maganizo anasamba, anavala malaya oyera, anafika mwakachetechete n'kugwada. Dzanja lija linanyamuka, linapeza phewa, linapeza khutu, n'kukwera pamutu.

Silinabwerere.

Linayenda pang'onopang'ono, kupita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo. Nkhope ya a Fainess, imene inali yokwinya chaka chathunthu, inamasuka. Nester anaima pakhomo atagwira pakamwa.

"Lughano," anatero a Fainess motsitsa. "Wadzuka, mwana wanga?"

Anakokera mutuwo pamiyendo pawo. Zala zinafufuza pakati pa mutu, pamene pamakhala liwombo la khanda, kenaka zinatsikira pachipumi n'kukhala pamenepo kanthawi.

"Thupi lazizira. Malungo aja atha! Iwe mng'ono wanga, tabwera udzaone, mwana wachira. Ankati wapita, ankandinamiza anthu oipa aja." Analira, koma kulira kwa chisangalalo. "Tsitsi lako lofewa ngati la bakha. Ukadzakula lidzakhala ngati la abambo ako."

A Maganizo anatsegula pakamwa kuti anene kuti ndine, koma anatsekanso. Mawu awo a ukalamba akanangotuluka, dzanjalo likanathawa. Anakhala chogwada choncho, mutu uli pamiyendo ya mkazi wawo, msana ukuwawa, misozi ikunyowetsa chitenje. Chinali chaka chathunthu chigwiridwire ndi dzanja limenelo. Zinali zokoma, ndipo zinkapweteka kuposa masingano onse a ku Dwangwa. Tsiku limenelo a Fainess anamaliza phala lonse, kuti akhale ndi mkaka wokwanira mwana.

Sabata yotsatira a Maganizo anapitanso kwa a Habibu. Dokotalayo anayang'ana pansi pa nyale, n'kupukusa mutu.

"Bambo, apa ndiye pothera. Silikula kuposa apa, ndipo silikhwima. Sindikufuna kukuvutitsani ndi masingano pachabe. Tisiye."

"Tikasiya litani?"

"Lithothoka pang'onopang'ono. Chaka sichitha."

Madzi akatayika saoleka, zimenezo a Maganizo ankazidziwa. Mnyamata wa mizimbe uja sadzabweranso pakhonde, ngakhale atawakhetsa magazi onse a m'thupi. Koma akasiya, tsiku lina dzanja lija lidzapeza dazi, ndipo a Fainess adzaikanso mwana wawo m'manda kachiwiri. Anapinda mkono wa malaya.

"Bayani, adokotala. Lisakule, palibe kanthu. Lingokhala momwemu."

Anafika kunyumba masana, mutu ukuwawa, chipewa chili m'manja. A Fainess anali atayamba kale kuvuta, kufunsa kuti mwana wapita naye ndani. A Maganizo anagwada pamkeka n'kuika mutu pamalo pake. Dzanja linaupeza, linasisita mabala a singano aja n'kudandaula kuti udzudzu wamuluma mwana.

"Tonthola, Lughano, tonthola," anatero a Fainess, nkhope ataloza kumsewu umene sankauona. "Abambo ako achedwa ku mizimbe. Kaya abwera liti? Ine ndawasowa, mwana wanga. Ndawasowa kwambiri."

A Maganizo analuma mlomo. Khanda la miyezi inayi siliyankhula.