Funso Lachiwiri la Atelala

Lachisanu masana makina a atelala ankangoti kuyenda pang'ono n'kuima. Pakhonde la sitolo pomwe mayiwa ankasokera panali patapachikidwa mikanjo yoyera isanu ndi umodzi, ya anthu okabatizidwa Lamulungu. Wachisanu ndi chiwiri unali pamakina, ndipo unali wawo.

Atelala anali atasokera mpingo mikanjo yotereyi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ankadziwa kuti nsalu yoyera ikanyowa imaonetsa zam'kati, ndiye ankaiphatikiza iwiri. Ankadziwanso kuti mkanjo ukalowa m'madzi umayandama n'kukwera m'mwamba, ndiye mumpendero ankasokereramo timanati takale ta njinga. Koma eni akewo anali asanalowepo m'madzimo. Chaka chino ndiye analimba mtima n'kulembetsa kalasi ya ubatizo.

Chimene chinkaimitsa makina chinali pepala lomwe analitsindira ndi sizasi. Mpingo wawo subatiza munthu asanapereke umboni, poyamba kwa akulu a mpingo, kenako pamaso pa onse. Pepalalo linali ndi mafunso atatu. Munali wotani musanadziwe Yesu? Munamulandira liti? Chasintha n'chiyani? Loyamba ndi lachitatu anali atayankha kale. Pa lachiwiri panali mpata woyera.

"Alamu, akudwala ndi makinawo kapena ndinu?" anafunsa mlamu wawo, mchemwali wa amuna awo, amene ankagulitsa nsapato pakhonde lomwelo.

"Ndilibe tsiku, mlamu."

"Tsiku lanji? Lero ndi Lachisanu."

"Musandiseke. Tsiku lomwe ndinabadwa mwatsopano. Anzanga onse m'kalasi ali nalo. Adalaivala a lole aja akuti anadzuka m'ngalande pa 3 Malichi, n'kulirira Yesu pomwepo. Anamwino aja akudziwa mpaka ola lake. Nanga ine? Ndinapita kutchalitchi kukayeza makatani, n'kupeza amayi akupemphera. Ndinakhala kumbuyo kudikira kuti amalize. Sabata yotsatira ndinapitanso, makatani atatha kale. Basi. Palibe pomwe ndingaloze kuti apa."

Mlamu anaika pansi nsapato yomwe ankapukuta.

"Nkhani yake ndi yomweyo? Tengani tsiku lomwe achimwene anagonekedwa m'chipatala. Munalira, munagwada pakhonde la wodi, ine ndikuona ndi maso angawa. Bodza lili pati?"

"Ndinali nditayamba kalekale kupemphera. Ndipo tsiku limenelo sindinkalandira Yesu, ndinkamukalipira."

"Aaa, alamu! Ndani akafufuze kumwamba? Mukufuna chaka chino musitenso mikanjo ya anzanu inu n'kukhala pabenchi?"

Atelala anadzuka, anakaongola mkanjo womwe unali wowongoka kale, anabwerera, anakhala. Dzuwa litapendeka anatenga bolopeni n'kulemba tsiku la kuchipatala lija.

Loweruka m'mawa analowa m'kachipinda ka akulu a mpingo, kuseri kwa guwa. Munali mipando inayi, tebulo, ndi kabati ya mabuku a nyimbo. Abusa kunalibe, anali paulendo. Wotsogolera anali mkulu wina wokonza njinga, yemwe uja ankawapatsa timanati. Anthu ankamutcha a Ndime, chifukwa ngakhale mutamupatsa moni ankayankha ndi ndime ya m'Baibulo.

Atelala anawerenga pepala lawo osadzutsa mutu. Atafika pa nkhani ya kuchipatala mawu awo ananjenjemera, ndipo akulu anaganiza kuti ndi Mzimu.

"Ameni!" anatero a Ndime. "Taonani mmene Ambuye amagwiritsira ntchito matenda."

Anakopera tsikulo m'buku la mpingo, n'kuwauza kuti mawa afike msanga.

Atelala anabwerera pakhonde pawo atapambana, koma mpando unkawatentha. Analumikiza mkono wa mkanjo wawo chagada, n'kuumasulanso. Anapita kumpopi ndi botolo, n'kubwerako lopanda madzi. Kasitomala wina anabwera kudzatenga siketi, iwo n'kumupatsa thalauza la munthu wina.

"Mwakhoza mayeso, nanga mukuzunguliranji ngati nkhuku yofuna kuikira?" anafunsa mlamu.

"Timanati tatha," anatero atelala. "Ndikatenge kwa a Ndime."

"Si ito tadzaza m'chitini?"

Atelala anali atatsika kale pakhonde.

Anawapeza a Ndime atagwada pansi pa mtengo pomwe ankagwirira ntchito, akumiza chubu m'beseni kufuna pomwe chinabooka. Atelala anaima pambali kwa nthawi, akupotokola nsonga ya tepi yoyezera yomwe anaiwala kuvula m'khosi.

"Bambo mkulu, tsiku lija si loona."

A Ndime anatulutsa manja m'madzi.

"Mwalakwitsa mwezi?"

"Ayi. Kuchipatala ndinaliko, koma sindinalandire Yesu tsiku limenelo. Ndinalemba kuti mpata usakhale. Tsiku lenileni sindilidziwa."

"Amayi, ine ndalemba kale ndi bolopeni!"

"Pepani."

Mkuluyo anapukuta manja pa ovolosi, anayenda mpaka pa mulu wa matayala, anabwerera.

"Mukudziwa chiphunzitso chathu. Sitibatiza munthu chifukwa wakhalitsa pabenchi. Munthu sapulumuka ndi ntchito zake, ngakhale atasoka mikanjo chikwi. Ndi chisomo, mwa chikhulupiriro. Aefeso 2. Ndiye timafunsa tsiku, kuti munthu asamangoyenda ndi gulu osatembenuka mtima."

"Ndikudziwa, bambo. Mikanjo sindikuiwerengera."

"Nanga mukudalira chiyani?"

"Kuti Yesu anafera machimo anga, ndipo anauka. Ndilibe china. Ngakhale bodza la lerolo, ndilibe kwina kokalitula."

A Ndime anawayang'ana nthawi yaitali. Zinkaoneka kuti akufunafuna ndime, koma sinabwere.

"Nkhani ziwiri apa," anatero pomaliza. "Mulibe tsiku, komanso mwanamiza akulu a mpingo. Ine ndekha sindingagamule. Abusa afika mawa m'mawa. Mkanjowo mubwere nawo m'chikwama, koma musavale."

Lamulungu atelala anafika tchalitchi chisanatsegulidwe. M'chipinda chovalira anathandiza anzawo asanu ndi mmodzi aja, uyu kumukonza kolala, uyu kumumanga lamba. Anamwino anawafunsa kuti bwanji simukuvala, iwo anangoti, "Ndivala." Kenako anakakhala pabenchi yachitatu, chikwama pamiyendo. Anachiika pansi, anachinyamulanso. Ankaona a Ndime akunong'oneza abusa pakhomo la kachipinda kaja, abusa akugwedeza mutu mwa njira yosadziwika ngati akuvomera kapena akukana.

Matabwa ovundikira dziwe la ubatizo kutsogolo anali atachotsedwa, madzi ali mbee. Maumboni anayamba. Adalaivala anasimba za ngalande, mpingo unafuula Aleluya. Anamwino anatchula ola lawo. Wachisanu ndi chimodzi atamaliza, abusa anatenga maikolofoni.

"Pali mayi wina amene akulu sanamvane za iye. Ine ndati tisamukambirane kuseri. Mayi telala, bwerani mudzanene nokha."

Atelala anadzuka n'kupita kutsogolo. Maikolofoni anaigwira ndi manja awiri, chikwama chili m'khwapa.

"Abale ndi alongo, dzulo ndinanamiza akulu. Ndinawapatsa tsiku lomwe si langa, chifukwa ndinkachita manyazi kubwera chimanjamanja. Ndapepesa kwa Mulungu, ndikupepesanso kwa inu. Tsiku lomwe ndinalandira Yesu sindilidziwa. Ndinabwera kuno ndili munthu wamkwiyo, wosakhululuka, wosapemphera. Ndinkangomva Mawu sabata ndi sabata. Sindinagwe pansi, sindinaone kuwala. Ndinangozindikira kuti ndayamba kale kumudalira, ndipo sindingathenso kubwerera. Ndi zokhazo."

Palibe anati Aleluya. Wina anatsokomola. Woimba kiyibodi, yemwe ankayembekeza pofuulira, anachotsa zala zake pang'onopang'ono.

Kenako kumbali ya amayi kunamveka mawu a mayi wina wokalamba, amene anatsogolera mapemphero a amayi kuyambira tchalitchi chili cha malata okhaokha.

"Inenso langa sindilidziwa. Lomwe lili m'bukumo anandisankhira ndi malemu amuna anga."

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. 

Abusa anadikira phokoso lithe, n'kutembenukira kwa atelala.

"Mayi, ndikufunsani za lero. Kodi mukuvomereza kuti ndinu wochimwa, wosatha kudzipulumutsa nokha?"

"Ndikuvomereza."

"Kodi mukukhulupirira kuti Yesu Khristu anakuferani, anauka, ndipo ndi Mbuye wanu?"

"Ndikukhulupirira."

"Akulu, alipo amene akuletsa madzi kuti mayiyu asabatizidwe?"

A Ndime anayang'ana akulu anzawo awiri, anakanda kumutu.

"Kuletsa sindikuletsa, abusa. Koma m'bukumo ndilembe chiyani?"

"Fufutani bodzalo, mpatawo muusiye. Mayi, kavaleni. Anzanu akudikira."

M'chipinda chovalira batani la mkanjo wa atelala linkakana kulowa. Chitseko chinatseguka, analowa mlamu wawo, m'maso muli mofiira.

"Imani bwino, alamu, ndikumangeni. Mwandiyalutsa, mukudziwa?"

"Sindinakutchuleni."

"N'chimene chikundiwawacho. Tembenukani."

Kunja mpingo unali utayamba nyimbo, ndipo madzi anamveka kukhavuka, adalaivala akulowa. Mlamu anamanga batani lomaliza, anawakankha pang'ono pamsana.

"Fulumirani, angatseke dziwe muli pano."

Atelala anavula nsapato, n'kutuluka kukaima kumapeto kwa mzere.