Nkhafi ya Zala Zitatu

Dzanja langa lamanja lili ndi zala zitatu. Zinazo zinadulidwa ndi chingwe cha khoka ndili mnyamata, ndipo kuyambira pamenepo nkhafi iliyonse inkandipulumuka m'manja ngati mlamba. Anzanga ankandiseka kuti Ambrósio amapalasa ndi pakamwa. Sankanama kwenikweni, chifukwa pa doko lathu, kumwera kwa Cobue, panalibe munthu wolongolola kundiposa.

Amene anandichotsa chitonzo chimenechi ndi a Jerónimo, mmisiri wa mabwato, amene tonse tinkangowatchula kuti Amesitiri. Anandiyeza dzanja ndi luzi, n'kundisemera nkhafi ya mlombwa yokhala ndi timaenje titatu pa chigwiriro, chala chilichonse ndi malo ake. Nkhafi imeneyo panalibe wosaidziwa m'mudzi muno, ngakhale mwana wongoyamba kumene kuyenda.

Amesitiri anali kamunthu kochepa thupi, kosayankhulayankhula. Nkhondo itakula, wansembe anasiya kufika kwathu, ndiye Lamulungu ankatitsogolera mapemphero ndi iwowo, m'tchalitchi chopanda denga. Ena ankadandaula kuti amadya ndi zidakwa, ndipo zinali zoona, chifukwa mmodzi mwa zidakwazo ndinali ine. Ndinkawatsata ngati mchira, ndipo ndinkauza aliyense kuti wofuna kuwakhudza ayambe wadutsa pa ine.

Chaka cha 1987 tinali ngati chinangwa mu mtondo. Anthu a mfuti a m'tchire ankatsika m'mapiri kudzatilanda ufa ndi mchere. Akachoka, asilikali ankabwera kudzatifunsa chifukwa chimene tawapatsira. Tsiku lina mfuti zinalira kumtunda kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo mawa lake tinapeza mtembo pamene kamtsinje kathu kamathirira m'nyanja. Anali mwamuna wosadziwika, wopanda nsapato, mmodzi wa a m'tchire aja. Komandanti wa asilikali analamula kuti asaikidwe, awole pomwepo kuti anthu aone.

Anakhala masiku awiri. Azimayi anasiya kukatunga madzi mbali imeneyo, ndipo agalu anayamba kubwera kumudzi atakhuta.

M'mawa wa tsiku lachitatu Amesitiri anafika pakhomo panga atapanira mphasa kukhwapa.

"Ambrósio, uja naye ali ndi mayi wake kwinakwake," anatero. "Ndikupita kukamuika. Sindikukukakamiza."

"Amesitiri, mwandinyoza!" ndinatero, uku ndikudzimenya pachifuwa. "Kumene mukafere inu ndi komwe ndikafere ine. Komandanti ameneyo abwere ndi mfuti zake zonse, andipeza."

"Usalumbire," anatero iwo. "Pakamwa pako pamafika msanga kumene miyendo yako sinafike."

Sitinatenge khasu, chifukwa mwamuna wopita kunyanja ndi khasu aliyense amamucheukira, koma msodzi wonyamula nkhafi palibe amamufunsa. Tinakumba pa mchenga, kumtunda kosafika mafunde, mosinthana. Amesitiri anamupukuta kumaso munthu uja ndi nsalu yonyowa, tinamukulunga mumphasa, anapemphera mawu ochepa, tinakwirira. Dzuwa lisanayambe kutentha tinali titamaliza.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Kwathu chida chokumbira manda sichibwereranso ku ntchito. Likakhala khasu, timagulula mpini n'kuusiya pamanda pomwepo. Nanga nkhafi ungagulule chiyani, poti yonse ndi mpini? Ikalowanso m'madzi, amati nsomba zimathawa bwato lako ndi la mnzako lomwe.

"Tenga nkhafi yakoyo ukaitsuke," anatero Amesitiri. "Yagwira ntchito yabwino. Mulungu alibe nayo mlandu."

Ndinakana. Munthu amene ndinkati sindiopa mfuti ndinaopa kuti usipa undithawa. Ndinaigoneka pamandapo n'kuiwaza mchenga pamwamba. Madzulo ake kunawomba mwera, unasesa mchenga wonse uja, ndipo asilikali olondera anaipeza ili poyera. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Kutacha anamenya chitsulo cha msonkhano. Tikupita, anandipeza m'njira mayi Saquina, owamba nsomba pa doko, amene sasunga mawu m'kamwa.

"A Ambrósio, akuti apeza nkhafi pamanda a munthu uja," anandinong'oneza. "Si yanu ija?"

"Yanga inapita ndi mafunde mwezi watha," ndinayankha. Bodzalo linatuluka lokha, losalala, ngati ndinagona ndikulikonza.

Pabwalo tinapeza Amesitiri atakhala kale pansi, manja atamangidwa kumbuyo ndi chingwe cha khoka. Palibe anawaneneza. Asilikali atangofunsa, Amesitiri anadzuka okha n'kunena kuti, "Ndinamuika ndine." Komandanti anali munthu wa kumwera, wowonda, wa maso ofiira ndi tulo. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka koma chomveka. Anakweza nkhafi ija m'mwamba kuti tonse tiione.

"Dzenje lija si la nkhalamba imodzi," anatero. "Ndamufunsa mnzake ndani, sayankha. Ndiye tamverani. Ngati anali awiri, anthu a mudzi uno, nditi ndi mwambo wanu wa maliro, ndiwakwapula n'kuwasiya. Koma munthu woika bandidu, chigawenga cha m'tchire, yekhayekha mobisa, ameneyo ndi mnzake wa mabandidu, ndipo ndipita naye. Puronto, basi. Mwini nkhafi iyi aime."

Kaya ankanena zoona, kaya unali msampha, sindidzadziwa mpaka kufa. Chimene ndikudziwa n'chakuti moyo wa Amesitiri unali pa maondo angawa, ndipo maondowo anakana kuwongoka. Anthu oposa zana anali pamenepo, aliyense akuyang'ana zala zake za kumapazi.

Komandanti sanali chitsiru. Anatembenuza nkhafi ija, anaona timaenje titatu tija, n'kulamula kuti amuna onse atambasule manja. Anayenda pamzere pang'onopang'ono mpaka anaima pa ine.

"Kamarada, mnzanga, umamudziwa mdala uyu?"

"Kumuona ndimamuona, bwana shefi, poti mudzi ndi umodzi. Koma sitiyenderana."

Kumbuyo kwanga wina anatsokomola. Komandanti anandiponyera nkhafi ija, nati ndiigwire. Ndinayesa kuigwira mopotoka, koma zala zanga zinakalowa zokha m'malo mwake, monga zinkachitira tsiku ndi tsiku kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

"Yakukwana bwino," anatero.

Pamenepo pakamwa panga paja panatseguka. Ndinanena kuti a zala zitatu pa nyanja ino ndife ambiri, kuyambira ku Metangula mpaka ku Likoma. Ndinalumbira pali manda a mayi anga. Ndinati mphenzi indiwombe ngati ndinapondako kumtsinje kuja. Ndipo poona kuti akundiyang'anabe, ndinawonjezera mawu amene palibe anandifunsa: "Mdala ameneyu mutu wake suyenda bwino, shefi. Ife tonse timangomupirira."

Komandanti anatembenukira kwa Amesitiri. "Nkhafi iyi ndi ya ndani?"

"Ndinaisema ndine," anayankha iwo. Sananene china, ngakhale msilikali anawamenya ndi thako la mfuti paphewa. Sananame, ndipo sananditchule. Kamba amanyeradi amene wamutola.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, koma ayi. Boti la asilikali linalibe mafuta, ndiye anasankha amuna anayi oti apalase mpaka ku msasa wawo. Komandanti anandiloza ine poyamba. "Poti si yako, ndakubwereka," anatero. "Palasa."

Choncho nkhafi imene ndinaopa kuilowetsa m'madzi inalowa, ndipo inanyamula mwini kuisema kupita naye kokaphedwa. Anawakhazika pansi m'botimo, moyang'anizana ndi ine, maondo awo kutsala pang'ono kukhudza anga. Ndinayang'ana madzi, ndinayang'ana mapiri, ndinayang'ana nsapato za msilikali. Pansi pa thabwa panali tambala amene asilikali analanda m'mudzi, womangidwa miyendo. Dzuwa lili paliwombo, nthawi imene tambala wanzeru amakhala pamthunzi, iye anatukula khosi n'kulira. Asilikali anaseka. Ine ndinaphunzira katekisimu ndili mwana, ndipo ndinadziwa nthawi yomweyo nkhani imene ndinali m'kati mwake, ndi malo anga m'nkhaniyo.

Ndinakweza maso. Amesitiri ankandiyang'ana, ndipo nkhope yawo inalibe mkwiyo. Akanakwiya bwenzi zili bwino.

"Ukupalasa mothamanga, utopa," anatero motsitsa mawu. "Ulendo wobwerera ndi wautali."

Ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi, koma kupalasa sindinasiye. Msilikali wina anafunsa chimene chandigwira, ndipo ndinati ndi thukuta lalowa m'maso.

Nditabwerako ndinadzitsekera m'nyumba. Mkazi wanga Rosália ankaika chakudya pakhomo n'kuchoka. Amuna onse a mumpingo anachita ngati ine, aliyense anapeza chomudwalitsa. Amene anapita ku msasa tsiku lachitatu, wapansi, atasenza kondowole ndi nsomba zowamba, anali azimayi awiri, Rosália ndi mayi Saquina.

Anabwerako chakudya chili chosakhudza. Mayi Saquina sanaodire n'komwe, anangokankha chitseko changa.

"Kulibe," anatero. "Kanyumba kamene anawatsekera tinakapeza kotsegula, muli chingwe chokha. Wina akuti anawakweza galimoto ya ku Lichinga, wina akuti anamwalira tsiku loyamba lomwelo. Tafunsa manda, palibe watilozera."

Mpaka lero palibe anationetsa manda a Amesitiri. Pali asodzi amene amalumbira kuti anawaona ku Likoma akumata bwato la munthu wosauka, ndipo ine sindiwatsutsa.

"Koma asiya mawu," anapitiriza mayi Saquina. "Msilikali wa pachipata watiuza mobisa. Akuti, uzani abale kuti asasiye kusonkhana. Ndipo akuti, Lamulungu likubwerali atsogolere mapemphero ndi Ambrósio."

"Munamva molakwa, mayi."

"Ndinafunsa kawiri. Anati, wa zala zitatu uja."

Ndinawapempha kuti asauze munthu. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Ndauza kale mudzi wonse. Mukundidziwa."

Loweruka ndinaganiza zothawira ku Likoma, moti ndinakokera bwato m'madzi. Koma ndinaona kuti kumeneko ndikakhala munthu wabwino pakati pa anthu osandidziwa, ndipo zimenezo zinandinyansa kuposa kutsala. Ndinalikokeranso kumtunda.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza, ngakhale amene sapemphera anabwera. Ndinadziwa chimene anadzera, ndipo sindinawaimbe mlandu, chifukwa nanenso akanakhala wina ndikanabwera kudzaonerera. Ndinayenda kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, ndipo mtunda umenewo unali wautali kuposa wa ku msasa. Ndinaima pamene ankaima Amesitiri. Ndinatsegula buku la mapemphero. Munthu amene sindinasowepo mawu chibadwire, m'kamwa munangoti gwa.

"Yambani, a Ambrósio, tikudikira," anatero mayi Saquina.

Ndinatseka bukulo.

"Abale," ndinatero, "nkhafi ija inali yanga. Manda aja tinakumba awiri. Ndinalumbira zabodza pali mayi anga, ndipo ndinanena kuti Amesitiri ndi amisala. Akanapulumuka mwina, ndikanangoima. Sindiyenera kuima pano."

Ndinadikira kuti wina andilavulire kapena andikokere panja, ndipo mumtima ndinkafuna kuti atero. Palibe anasuntha. Kenako a Marcos, mkulu wa khoka lathu, amene anakhala pafupi ndi ine pabwalo tsiku lija, anadzuka movutikira atagwira ndodo yawo.

"Ukutiuza chiyani chachilendo?" anatero. "Nkhafi ija tonse tinaidziwa isanakwezedwe n'komwe. Mtembo uja tonse tinaununkhiza masiku awiri, tinangotseka mphuno. Ine ndikanatha kuima n'kunena kuti ndinawatuma ndine, koma ndinayang'ana pansi. Iwe unakana ndi pakamwa, ife tinakana ndi matako. Ukachoka pamenepo, aimepo ndani?"

Ndinayang'ana mpingo wonse, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakweza mutu. Ena ankalira mosabisa.

"Amesitiri ankakudziwa bwino, ndipo atchula iwe," anatero a Marcos akukhala pansi. "Tsegula bukulo, mwana wanga. Yambira pa pemphero lolapa, koma uwerenge pang'onopang'ono, kuti nafenso tikwanemo."