Tsitsi la Angella

Ntchito ya uphungu pasukulu pathu pano ku Chimwankhunda anandipatsa ine chifukwa tsiku lomwe ankasankha munthu ndinali kuchipatala. Ukajomba kumsonkhano wa aphunzitsi, umakapeza ntchito yomwe aliyense waikana ikukudikira. Ananditumiza ku maphunziro ku Sunnyside, komwe tinadya bwino ndithu, n'kuphunzira kupuma mokoka mpweya komanso kufunsa mwana kuti akumva bwanji mumtima. Nditabwerako anandipatsa kachipinda kosungiramo mabuku akale ndi makasu, n'kumata pepala pachitseko lolembedwa kuti Madamu Esnat, Mlangizi. Kalasi yanga ya Sitandade 5 sanandichotsere ayi.

Ana ankabwera: wandewu, wokodzedwa m'kalasi, wosinza ndi njala. Chinali chaka cha namondwe wa Freddy, ndipo ndinamva nkhani zambiri mpaka mtima unachita dzanzi. Mwana ankandiuza kuti nyumba yawo inapita ndi matope, ine n'kumagwedeza mutu uku ndikuganiza za ndiwo zamadzulo.

Angella anabwera naye ndi a Kingsford, mphunzitsi woona za mwambo, atakulunga dzanja lawo ndi mpango. Lamulo pano n'loti mwana aliyense, wamwamuna kaya wamkazi, azimeta. Lolemba lililonse a Kingsford amayenda pamzere ndi sizasi, ndipo wa tsitsi lalitali amamudula kanjira pakati pamutu kuti akamalizitse kwawo. Ena amalira, ena amaseka, mawa lake onse amabwera mpala ukuwala. Koma Angella, kamtsikana ka Sitandade 3 kosamveka n'komwe mawu ake, kanawaluma mpaka magazi.

"Madamu, nayu kasitomala wanu," anatero a Kingsford. "Mumupumitse mpweya wanu uja. Ahedi anena kuti Lolemba likubwerali abwere atameta, apo ayi asadzapondenso pano."

Tsitsi lakelo linalidi losaoneka bwino, lomangana mfundo, lofiirira ndi fumbi. Angella anasamukira kuno kuchokera ku Chilobwe, kumene phiri linagumukira nyumba za anthu. Kumeneko ankaphunzira pa kasukulu kapulaiveti komwe atsikana amaloledwa kuluka. Temu yake yoyamba kuno aphunzitsi anamulekerera poti anali mwana wa ngozi, koma chifundo cha pasukulu chimatha ndi temu.

Ndinayamba ndi zomwe anatiphunzitsa. Ndinamuuza kuti akoke mpweya, anangondiyang'ana. Ndinamupatsa pepala ndi makrayoni kuti ajambule chimene chikumuvuta, analipinda n'kulikhalira. Tsiku lililonse pa buleki ankabwera yekha, n'kukhala pa mulu wa mabuku manja ali kumutu ngati akuopa kuti mutuwo wina amulanda. Ine ndinkachonga ntchito ya ana anga, belu likalira tonse n'kutuluka.

Lachinayi ndinabwera ndi chipeso ndi mafuta. Sunali uphungu, tsitsilo linkangondinyansa m'maso.

"Sindikumeta," ndinamuuza. "Ndikungopesa. Ona, sizasi ndilibe."

Anasuzumira m'chikwama changa kaye, kenaka n'kukhala pansi pakati pa miyendo yanga. Ndinayambira kunkhongo. Chipeso chinkakodwa, iye osadandaula.

"Amandipesa ndi amayi," anatero patapita nthawi.

"Ali kuti amayi?"

"Adadi akuti ali kumudzi ku Nsanje, akuchira. Madzi aja anawapweteka mwendo."

"Nanga a Kingsford unawalumiranji?"

"Agogo atamwalira tinapita kumudzi. Ataika maliro anatimeta tonse, ine, amayi, adadi, azakhali. Kwathu timameta munthu akafa." Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Amayi sanafe. Ndiye andimetere chiyani?"

Ndinapitiriza kupesa. Ku Sunnyside funso limeneli sanatipatse.

Mawa lake masana ndinakwera minibasi kupita ku Ginnery Corner, komwe bambo ake, a Maurice, amapakira katundu m'malole pa nyumba ina yosungiramo katundu. Sakanatha kuchoka pantchito, choncho tinakhala pa kakhoma pafupi ndi chiwaya cha tchipisi. Malole ankadutsa, ife n'kumadikira phokoso lithe kuti tipitirize. Anayankhula mopanda kukweza kapena kutsitsa mawu, maso ali pamsewu.

Tsiku la mvulalo iwo anali kuntchito, Angella anali kwa azakhali ake ku Chimwankhunda, ndipo mkazi wawo, a Anastazia, anali okha m'nyumba. Atafika, nyumbayo sanaipeze, ngakhale lata limodzi. Anakumba ndi anzawo. Anayenda kumochale ku chipatala cha Gulupu mpaka alonda anawazolowera.

"Abale anati tiike thunthu la nthochi m'manda, monga timachitira kwathu munthu akapita ndi madzi, timete, zithe," anatero. "Ndinakana. Ndingaike bwanji munthu amene sindinamuone?"

"Koma mwana mwamuuza kuti ali ku Nsanje."

"Anandifunsa tsiku loyamba, pakamwa panangotuluka zimenezo. Pano akati tiwaimbire foni, ndimati kumudzi kulibe netiweki."

Ndinawafotokozera za Lolemba, ndi zomwe Angella anandiuza. Ndinati akhoza kumugwira miyendo ndi manja n'kumumeta, koma mwanayo adzadziyankha yekha, ndipo adzadziwa kuti bambo ake anamunamiza. Akhozanso kumusiya ndi tsitsi lake, sukulu n'kuthera pomwepo.

"Inu simungamuuze, Madamu? Si ntchito yanu imeneyo?"

"Ndikhoza kukhalapo. Kunenako ndi kwanu, bambo."

Anayang'ana wotchi ya pafoni, n'kunena kuti nthawi yawo yatha. Anandithokoza mwaulemu ngati ndawabweretsera uthenga wabwino.

Nditabwerera kusukulu ndinalowa kwa ahedi kukapempha kuti amupatse nthawi mwanayo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, poti si munthu woipa, ndi wotopa chabe ngati tonsefe.

"Madamu, pasukulu pano ndi mwana uti alibe maliro ake? Ndikalola mmodzi, mawa theka la sukulu libwera litaluka. Komanso waluma mphunzitsi, aphunzitsi anzanu akundiyang'ana. Lolemba ndi Lolemba."

Lolemba m'mawa, ana akuthamangira pamzere, ndinawapeza awiriwo ataima pakhomo pa kachipinda kanga. A Maurice anali atavala malaya a kutchalitchi. Ndinatsegula, ndinawapatsa mpando wanga, ine n'kutsamira chitseko. Angella anapita pa mulu wake wa mabuku.

A Maurice anatulutsa kanthu kokulunga m'nyuzipepala, n'kukaika pa bondo. Atakamasula, inali sizasi yatsopano. Angella anaimirira, manja n'kupita kumutu. Anayang'ana chitseko, koma pachitseko panali ine.

"Angella, mwanangu," anayamba bambowo. "Amayi ako..."

Mawu anathera pomwepo. Panja ana anali atayamba nyimbo ya fuko, ena kutsogolo ena kumbuyo monga mwa masiku onse. Ku maphunziro kuja anatiuza kuti pakakhala chete usafulumire kuyankhula. Ndi chinthu chimodzi chokha chomwe chinandithandiza chaka chonsecho.

Nyimbo inatha. Angella anatsitsa manja pang'onopang'ono. Sanayang'ane bambo ake kumaso, anayang'ana sizasi.

"Adadi, mukundimeta za sukulu kapena za amayi?"

Ndinayang'ana a Maurice. Khomo lothawira funsolo linali lotsegula, ndipo akanati za sukulu, ine sindikanawatsutsa pamaso pa mwana. Mumtima ndinkafuna ndithu atero, kuti tonse tipite ku ntchito zathu.

"Za amayi ako," anatero. "Ku Nsanje kulibe. Anapita ndi madzi aja, sitinawapeze. Ndinakunamiza."

Angella sanalire. Anavula juzi yake, n'kuipinda bwinobwino kuti isagwere tsitsi. Anakhala pansi pakati pa miyendo ya bambo ake n'kuweramitsa mutu. Poyamba sizasi inkangoluma osadula, mpaka bambowo anaigwira ndi manja awiri. Tsitsi linayamba kugwera pa simenti, ndipo ine ndinamva m'maso mwanga mukutentha koyamba chiyambire chaka.

Atafika pakati pa mutu, Angella anayankhula ali chiweramire.

"Mukamaliza mundipatse, adadi. Inunso simunamete."